Wilibala ya a Kerkula

A Kerkula amalima dimba loyandikana ndi langa, kudambo la kuseri kwa tauni ya Kakata. Tsabola, therere, kholowa, zonse zimawayanja. Koma zaka zonsezi zitosi za nkhuku ankasenza pamutu, m'beseni, ngati kuti wilibala sanaimvepo. Tinkawaseka, ine ndiye patsogolo, poti pakamwa pangapa sipatsekeka.

Chifukwa chake ndinadzachimva kwa akazi awo, a Lorpu. Nthawi ya nkhondo a Kerkula anathawa ku Monrovia wapansi, atakweza amayi awo odwala m'wilibala. Mayiwo anali olongolola. Tayala likagwa m'dzenje ankakalipa, "Iwe, ukufuna undiphe?" Kenako anasiya kukalipa. A Kerkula anayesa agona, n'kumangokankhabe, uku akuwauza za mpunga umene akadye akafika. Anazindikira pachipata cha asilikali, wamfuti atafunsa kuti mtembowo akupita nawo kuti. Mpaka lero sadziwa malo amene amayi awo anatsirizikira.

Chaka chatha khosi la a Kerkula linakana. Achipatala anati akasenzanso adzafa ziwalo. Mwini dambo naye anati dimba likagonera alipereka kwa wina, ndipo banjali lilibe kwina kodyera. A Lorpu anabwera kwathu. "Achemwali, aperekezeni kumsika akagule wilibala. Ine ndikangoyamba nkhaniyi amatuluka panja."

Wogulitsa anali bambo wina wachimimba, dzina lake Varney. "Madala, yam'dimba ndi iyi," anatero. "Tayala lake ndi mphira yokhayokha, minga imachita kuthawa. Ya chubuyo isiyireni anthu a m'tauni, mudzatopa n'kupopa."

"Akunena zoona, achimwene," ndinatero ine. "Tengani imeneyi tizipita."

Ndiye Varney, monga amachitira ogulitsa pofuna kuonetsa kulimba kwa katundu, anadziponya m'wilibalamo, miyendo lendelende. "Ndikankheni, madala! Ikapindika mutenge ulere."

Mayo ine! A Kerkula anagwira zogwirira, milomo ili mbuu. Atangokankha pang'ono tayala linagunda mwala, Varney n'kukuwa moseka, "Aaa, madala, mukufuna mundiphe?"

Anataya zogwirira zija. Wilibala gubudu, Varney pansi, msika wonse kufa nako kuseka. Ine sindinaseke, chisoni chinandigwira. Ndinawakoka malaya kuti tibwerere, anakana. Anaima nthawi yaitali, kenako analoza ya chubu ija.

"Iyo imagwedeza?"

"Sigwedeza, madala, koma minga."

"Ndipatseni yomweyo."

Panjira mtima unandipsa. "Achimwene, mwatani kodi? Zitosi zimamva kuwawa?" Nditangotero ndinachita manyazi ndi funso langalo.

Tayalalo limaphwa kawirikawiri, iwo amamata chubu osadandaula. Tsabola wabereka, mwini dambo wakhala chete. Koma mudzawaone akutsika kudambo wilibala itadzaza. Amalambalala kadzenje kalikonse. Amayenda pang'ono n'kuima, n'kuwerama kusuzumira m'katimo.

"Muli maso?" amafunsa. Ndiye amadikira kaye yankho asanapitirire.

Tsiku loyamba kuwamva khasu linandipulumuka. Ndinapita kwa a Lorpu kukafunsa ngati akudziwa zimenezi. Ndinawapeza pakhonde akusadzula kholowa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndikudziwa, achemwali. Dimba lapulumuka, tikudya. Koma dzuwa likalowa wilibalayo saisiya panja, amati kukuzizira. Amaitsuka n'kuilowetsa kuchipinda. Amene ndinasuntha mphasa ndine."