Mbali Ziwiri Zakumanzere

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza nsapato ndi mayi wogulitsa mabatani, pamakhala Nazigamba ndi makina ake osokera opalasa ndi phazi. Dzina limene anapatsidwa ali khanda ndi ochepa akulidziwa. Ili la Nazigamba linayamba ngati chipongwe cha matelala anzake, koma iye anangolitola n'kulivala, monga amachitira ndi chilichonse chimene ena ataya.

Matelala enawo amasoka nsalu zatsopano, zochokera m'sitolo zili zopindapinda bwino. Nazigamba ayi. Lachiwiri lililonse amalawirira kumsika kumene amatsegula mabelo a kaunjika, ndipo anthu akamakanganirana madiresi abwino, iye amadikira mulu wa zokanidwa: malaya ong'ambika m'khwapa, makatani osuluka mbali imodzi, jekete lalikulu losowa mwini. Amagwira nsalu ndi zala, kuikoka pang'ono pafupi ndi khutu, kuti amve ngati ulusi wake udakali ndi moyo. Ikathetheka amaibwezera pamulu. M'zokanidwa zimenezo mwatuluka zikwama za ana asukulu, masiketi, zipewa, ndi zofunda za zigamba zimene anthu omwe aja ankamuseka amachita kudzaitanitsa mwakabisira.

Ntchitoyi anaiyamba zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo, banja litatha, atafika kwa achimwene ake ndi ana awiri ndi chikwama chimodzi. Achimwenewo anali dalaivala wa malole, munthu wamtali, wathupi, wosalankhulalankhula. Sanamufunse kuti walakwa ndani. Patapita mwezi anangobwera ndi makina akale, kuwatula pabalaza, n'kunena kuti misozi siidyetsa ana. Nsalu yophunzirira panalibe, ndiye anaphunzirira pa malaya akale a achimwenewo. Ana onse awiri a Nazigamba anamaliza sukulu ndi makina amenewo, ndipo palibe tsiku limene amawathira mafuta osathokoza mumtima.

Kwa Nazigamba sizasi imabwera pomaliza. Chovala chakale amayamba wachimasula msoko ndi msoko ndi kalumo, kuchotsa timaulusi tonse, kusita, kenako kuchiyang'ana padzuwa kuti aone pamene njenjete zinadya, n'kuzunguliza pabowo lililonse ndi choko. Wina akamuthamangitsa amangomuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tisabise, kamatama ali nako. Aliyense wokhala pampando wa makasitomala ankauzidwa kuti chiyambire iye sanaonongepo nsalu ya munthu. Wokonza nsapato ankati mawu amenewo anawamva kambirimbiri moti nawonso atha, akufunika chigamba.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanakhalepo pampando umenewo: alamu ake, mkazi wa achimwene aja. Alamuwo ndi mphunzitsi wopuma, mayi waukhondo, wosapsatira mawu. Zaka ziwiri zimene Nazigamba anakhala m'nyumba mwawo, ana ali piringupiringu, zidutswa za nsalu zili mbwee pansi, alamuwo anapirira, koma kupirira kwake kunali kooneka pankhope. Zosoka za Nazigamba ankazitcha za kudzala. Achimwene atamwalira zaka zisanu zapitazo, awiriwa anatsala ndi chibale cha moni ndi kuzondana pamatenda basi.

Ndiye tsiku lina Lachitatu Nazigamba atakweza maso n'kuona alamu ataima pakhonde, atakumbatira chinthu chokulunga m'chovundikira pilo, phazi linaima lokha. Anali atabweretsa suti ya achimwene, yotuwa ndi ukalamba, yonyezimira m'zigongono. Mwana wawo wamkazi womaliza anali atapeza ntchito yake yoyamba ya muofesi, yoyamba Lolemba, ndipo ankafuna kuti m'sutiyo mutuluke jekete lomukwana.

"Zovala zawo zonse tinagawa, alamu. Yatsala ndi iyi yokha," anatero. "Ndikufuna mwanayu akalowe muofesimo atavala cha bambo ake. Musandionongere."

Nazigamba anasangalala ngati mwana. Zaka zonsezi ankafuna mpata woti achitepo kanthu panyumba imene inamulandira, ndipo mpatawo unali utabwera wokha ndi miyendo. Madzulo omwewo anakamuyeza mtsikanayo, n'kujambula patani papepala la khaki.

Msana ndi manja zinatuluka bwinobwino m'jekete lakale. Vuto linali kutsogolo, kumene matumba ndi njenjete zinagawana malo. Mwayi unali woti achimwene anali munthu wamkulu, moti miyendo ya thalauzi itamasulidwa n'kutambasulidwa, uliwonse unali wokwanira mbali imodzi yakutsogolo, popanda chotsala.

Apa pali kanthu kamene aliyense wosoka zakale amakadziwa. Pansalu yatsopano telala amapinda pawiri n'kudula kamodzi, ndipo mbali yakumanja ndi yakumanzere zimatuluka zoyang'anizana zokha. Pansalu yakale sizitheka. Umadula imodzi imodzi, uku ukuzemba mabowo, ndipo ukadula yoyamba uyenera kutembenuza pepala la patani usanadule yachiwiri. Nazigamba anali ataphunzitsapo anthu angapo zimenezi, ena mpaka kuwakalipira.

Lachinayi m'mawa anayala kansalu konyowa pamwamba pa nsalu ija n'kuikapo simbi. Nthunzi itakwera, inakwera ndi fungo la achimwene: sopo wawo uja ndi mafuta a m'tsitsi amene ankadzola Lamlungu. Zaka zisanu zinangokhala ngati dzulo. Anadula mbali yoyamba maso ali ndi misozi, kusuntha pepala, kulikhomerera ndi mapini, n'kudula yachiwiri.

Anazindikira atazigoneka pamodzi patebulo. Zonse ziwiri zinali zakumanzere.

Anazisuntha uku ndi uku ngati kuti zisintha maganizo, anasanthula m'zidutswa zotsala, koma munalibe choposa chikhatho. Madzi akatayika saoleka. Wokonza nsapato, amene akanatha kuseka mpaka kugwa pabenchi, anangoyang'ana kamodzi n'kubwerera ku nsapato yake, ndipo Nazigamba amamuthokozabe chifukwa cha kukhala chete kumeneko.

Anavundikira makina n'kuthamangira kumsika. Sanali tsiku lotsegula mabelo, koma anavundukula milu yonse ya mathalauzi, thukuta lili kamukamu, mpaka anapeza imodzi yotuwa chimodzimodzi, yosiyana pang'ono chabe kalukidwe. Maso a alamu anali atayamba kufooka, sakanazindikira. Mtsikanayo ndiye sakanaganizako n'komwe. Anaima pamenepo nthawi yaitali, thalauzi ili m'manja, wogulitsa akumuchemerera kuti ndi nsalu yapamwamba. Chimene chinamukanika ndi kuganiza za mwana wa achimwene akulowa muofesi, akugwira pachifuwa kuti alimbe mtima, pamene wagwira thalauzi ya munthu wosamudziwa. Anaibwezera pamulu.

Anafika kwa alamu dzuwa litapendeka. Pabalaza panali monga kale, mabuku ali pamzere, patebulo pali kansalu koluka, pansi popanda n'kachitsotso komwe. Anakhala kunsonga kwa mpando, anayala zidutswa ziwiri zija patebulo, n'kufotokoza zonse monga zinachitikira. Za thalauzi yakumsika ananenanso, pakuti anaona kuti akabisa chimodzi ndiye kuti wabisa zonse.

Alamu anayang'ana zidutswa ziwirizo.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha," anatero.

Nazigamba anavomera kuti n'zoona. Manyazi anali atamugwira kuposa tsiku lija anafika panyumbayi ndi chikwama chimodzi. Alamu anafunsa ngati panalibiretu njira ina iliyonse. Iye anayankha kuti ilipo imodzi, koma yosakoma: chidutswa chimodzi chikatembenuzidwa chimasanduka chakumanja, kungoti kunja kumakhala kumene kunali m'kati, ndipo mbali ziwirizo sizingafanane. Pofuna kuwaonetsa kuipa kwake, anatembenuza chimodzi n'kuchigoneka pambali pa chinzake.

Kusiyana kwake kunalidi kwakukulu. Kumene kunkaona dzuwa ndi simbi kunali kotuwa ngati phulusa, koma m'kati, mmene simunafike kuwala zaka zonsezo, nsaluyo inali ya buluu wakuda, wokhathamira, timizere tating'ono tofiirira tikuoneka bwinobwino.

Alamu anavala magalasi. Ananyamula chidutswacho n'kupita nacho pawindo, atamufulatira. Nazigamba ankangodikira chigamulo. Kenako anaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo anazindikira kuti mayi amene sanalire pagulu ngakhale tsiku la maliro akulira.

"Uwu ndiye mtundu wake," anatero alamu, osatembenuka. "Tsiku la ukwati wathu inali chonchi. Ndakhala ndikuwauza anawa kuti bambo awo anavala suti ya buluu, iwo n'kumandiseka kuti ndakalamba, ndayamba kuiwala. Mpaka nanenso ndinayamba kudzikayikira."

Nazigamba anafuna kupepesanso, koma alamu anamuletsa ndi dzanja. Anafunsa ngati jekete la mitundu iwiri lingavalike muofesi popanda mwana kusekedwa. Apa ndi pamene telala anadzuka mwa iye. Anati kolala atha kuitembenuzanso, ndi kukamwa kwa manja, ndi kathumba kambali yotuwayo, kuti buluuyo ayende jekete lonse ndipo aliyense aone kuti n'zochita kufuna. Alamu anati asoke choncho, ndipo anawonjezera kuti Lachisanu abwera kudzaona ndi maso awo, pakuti telala wodula kumanzere kawiri sasiyidwa yekha. Anali mawu olasa, koma Nazigamba anawalandira ndi manja awiri. Anatuluka m'nyumbamo mtima uli m'malo, akuthokoza Mulungu, akuthokozanso miyendo yake imene inamuchotsa pamulu wa mathalauzi uja.

Lachisanu alamu anabweradi. Anapukuta mpando ndi kampango asanakhale, anadandaula za fumbi ndi phokoso la zitsulo, kenako anayamba kumupatsira mapini mmodzi mmodzi. Anakamba za achimwene tsiku lonse, zina zimene Nazigamba sankazidziwa, zina zimene alamu sankazidziwa, mpaka mayi wa mabatani anasiya malonda n'kumamvetsera.

Loweruka masana mtsikanayo anabwera kudzayesa. Anavala, anamanga mabatani, n'kuima patsogolo pa kagalasi kokoloweka pachipilala. Linamukhala ngati anabadwa nalo. Anasisita mbali yotuwayo, imene ankaidziwa kuyambira ali wamng'ono, kenako anasisita inayo, n'kufunsa azakhali ake kuti nsalu yokongola chonchi anaigula kuti.

Nazigamba anatsegula pakamwa, koma alamu anamutsogolera.

"Sanagule," anatero, akumukonza kolala. "Amenewo ndi bambo ako usanabadwe."