Mkulu Wolemekeza Mafoloko

Sindikonda kutama munthu, koma mkulu woperekera zakudya kunyumba ya alendo yakale ya ku Peermade amandipatsa chidwi. Ali pomwepo kuyambira ndili mwana wasukulu ku mishoni. Amavala jekete loyera losita bwino, ndipo mafoloko amawalemekeza ngati ziwiya za m'tchalitchi. Ukaika foloko molakwika, amakhosomola pang'ono n'kuibwezera pamalo pake. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Tebulo lili ndi mwambo wake."

Lamlungu lina a Kuriachan, mlimi wa tsabola, anaitanira kumeneko makolo a mnyamata wofunsira mwana wawo. Alendowo anali a mumzinda, ndipo za ukwatiwo anali asanavomere. Mpunga ndi nsomba zitafika, a Kuriachan anangoti maso pa mafoloko, poti foloko anali asanaigwirepo. Mayi a mnyamata uja anali atayamba kale kugunda amuna awo ndi chigongono.

Mkulu uja anafika mwakachetechete, nachotsa mafoloko onse, nayala masamba a nthochi.

"Pepani, mabwana. Nsomba iyi m'nyumba muno imadyedwa ndi manja. Ndi lamulo lathu."

Anadya onse mpaka kunyambita zala, ndipo potuluka anali akutchulana kale kuti "asewere", za ukwati zitatheka.

Ine, amene ndadya nsomba yomweyo ndi foloko zaka zonsezi, ndinali patebulo lina pafupi, ndipo ndinawakodola mkuluyo.

"Achikulire, lamulo limeneli linayamba liti?"

"Lero, aphunzitsi, ndipo latha kale," anatero akundiwongolera foloko. "Inu gwirani bwino apa."