Tsiku limene a Wailesi anatseka pakamwa

Dzina lakuti a Wailesi anawapatsa ndi alamu awo, ndipo sanawanamizire. Bamboyu akatsegula pakamwa, mawu ankangokhuthuka mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Ntchito yawo inali yolemba mapulogalamu a mawebusaiti, pa katebulo kogwedera kuseri kwa shopu ya mkazi wawo, telala wa madiresi. Mtima anali nawo wabwino, koma makutu anali ongokongoletsa mutu.

Mayiyo anali ndi pakati, patatha zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba mulibe mwana, ndipo kwa masabata atatu ankafunafuna mpata wowauza. Akangoti pali nkhani, a Wailesi ankati nawonso ali nayo, n'kuyamba yawoyo. Zinkamuwawa kusenza yekha chimwemwe chotere.

Lachinayi lina webusaiti ya shopuyo inavuta. Munthu akadina batani loonera masitayilo, tsamba lonse linkangoti gwa, osasuntha. A Wailesi atapeza vuto, anaitana mkazi wawo kuti adzamve zodabwitsa. Anati kachigawo ka pulogalamu kosanja zithunzi zikwi zitatu anakalembera mawu akuti async kutsogolo, poganiza kuti kazigwirira ntchito pambali, zina zikuyenda. Koma m'kati mwake munalibe await, amene ndi malo oimapo kuti ena adutse. Popanda ameneyo, kanthuko kakayamba kamangopitirira mpaka kumapeto, batani ndi zonse zili pamzere. Kungokatchula dzina sikukachotsa panjira.

Zimenezi anazifotokoza kwa theka la ola, akudabwa kuti chinthu chingasowe ulemu chonchi. Mayiyo anangoima, tepi m'khosi, mapini pamilomo, akuyang'ana mwamuna amene ankadzudzula chinthu chofanana naye osazindikira. Kenako a Wailesi anakonza kuti kachigawoko kakasanja zithunzi makumi asanu kaziima pang'ono, ndipo tsamba linatsitsimuka.

Mayiyo anachotsa mapini aja mmodzimmodzi.

"Tayesani inunso, bambo. Imani pang'ono, tione ngati china chingadutse."

A Wailesi anaseka, n'kutseka pakamwa mwanthabwala, masaya atafufuma, kuti aonetse kuti imeneyo si nkhani yovuta.

"Ndili ndi pakati. Miyezi itatu ikukwana."

Mpweya uja unatuluka wokha. A Wailesi anatsegula pakamwa, anatsekanso, anayang'ana mimba, anayang'ana kompyuta ngati ingawathandize. Alamu aja, amene anabwera kudzatenga buluku lawo, anasuzumira pakhomo n'kufunsa ngati magetsi azima, chifukwa chikwatiwire mlongo wawo anali asanamvepo chipindacho chili zii.

Mawu atabwerera, anabwera ochepa.

"Tanenanso, mayi."

Ndipo anakhala chete mpaka mkazi wawo anamaliza.