Opaleshoni ya Mutu Yopanda Chipsera

Ndinaganiza zopita ku Joni sabata yomwe tinaika maliro a mayi anga. Sindinganame kuti ndinkangotsata ntchito, ndinkathawa. Mayi anagwa masanasana mumsika wa Limbe, pa benchi yawo ya nsomba zouma, atangofuula kuti, "Mutu wanga ine!" Pofika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya. Munthu wosadwaladwala sangangogwa choncho, ndiye ku Mbayani aliyense anali nalo kale yankho: amenyedwa hamala, ija ya afiti yosaoneka ndi maso. Chala chinaloza ang'ono awo a mayi, a Jenala, poti dzulo lake awiriwa anali atakangana pa nkhani ya malo a benchi. Woyamba kuwatchula mfiti pamaso pa anthu ndinali ine. Achimwene anga a Lukasi anawaponyera katundu panja, ine n'kukwera basi hamalayo isanandipeze.

Ku Joni ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba ya banja lina. Ndalama ikapezeka ndinkatumiza, ikasowa ndinkazimitsa foni. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo Lamlungu ndinkadzilankhulira ndekha Chisena kuti lilime lisaume. Anzanga a kumudzi ndinkawapewa. Wina akandipatsa chakudya ndinkayamba ndanunkhiza, kenako n'kunama kuti ndadya kale.

M'chaka chachinayi mutu unayamba kundiwawa kuseri kwa diso lamanzere. Chikope chinagwa, zinthu n'kumaoneka ziwiriziwiri. Mumtima ndinati basi, a Jenala andipeza, hamala sifuna pasipoti. Abwana aakazi ananditengera kuchipatala chachikulu cha boma, komwe anandilowetsa m'makina ojambula mutu. Dokotala anandionetsa chithunzi. Mtsempha wa magazi unali utafufuma ngati chubu cha njinga, chotupacho kukula kwake ngati dzira la nkhunda. Anati zazikulu chonchi sizionekaoneka, ndipo chikaphulika munthu amagwa pomwepo. Kenako anafunsa, "Kwanu alipo anamwalira mwadzidzidzi akudandaula mutu? Nthawi zina zimayenda m'magazi a pabanja." Mwamanyazi ndinamuuza za imfa ya mayi, iye n'kunena kuti n'kutheka ndithu inali nthenda yomweyi.

Anati sang'amba mutu ayi. Alowetsa kapaipi kowonda mumtsempha wa m'mphechepeche, kayende mpaka m'mutu, kakasiye kawaya kolukidwa koti magazi azingodutsa osalowanso m'chotupamo. Apa ndiye ndinawakayikira zenizeni. Wodwala mutu n'kumugwira kumwendo? Ndinati awa akufuna kuphunzirira pa ine poti ndine mlendo wopanda wondilankhulira. Ndinasaina kokha chifukwa diso linali litatsekeka. Podzuka ndinagwira kumutu, tsitsi lonse lili mbwee, kabandeji kali pansi uko. Patapita masiku atatu ndinatuluka ndi mapilisi oti magazi asaundane. Diso linatseguka pang'onopang'ono, koma funso la dokotala lija linakana kundichoka. Ndinaganiza zobwerera kwathu kuti ndikayeretse dzina la a Jenala.

Basi inanditsitsa pa Ginnery Corner, a Lukasi n'kudzanditenga pochokera kuntchito ku Makata. Moni wawo unali wa pakamwa, maso ali pamutu panga. Kunyumba anthu anadzaza kudzandizonda, poti ndinali nditalemba pafoni kuti andichita opaleshoni ya m'mutu. Alamu anga, akazi a a Lukasi, anandivula duku ngati akusirira tsitsi, zala zikufufuza ngati zofuna nsabwe.

"Opaleshoni ya mutu osameta?" anatero alamu. "Tisanamizane. Ngati munali kundende kapena munakwatiwa, ingonenani, tonse ndife akuluakulu."

Ndinatulutsa chithunzi chija n'kufotokoza zonse, mpaka funso la dokotala. A Lukasi anachiyang'ana mochipenyetsa kudzuwa.

"Chakuda ichi ndi chiyani ngati si pomwe inamenya hamala?" anafunsa. "Bala lake lili kuti? Tionetse, Esinati."

Ndiwaonetse bwanji? Pamene pali bala langa, mlongo saonapo. Anthu anayamba kutsinana. Zinandipweteka, koma ndinazindikira maso amenewo. Ndi omwe ine ndinawayang'ana nawo a Jenala pamaliro paja.

M'mawa mwake ndinatsetsereka ndekha kumunsi kwa Mbayani, kufupi ndi khwawa, komwe a Jenala ankachita lendi kachipinda kamodzi. Ndinawapeza akuunjika timilu ta makala. Nsomba anasiya, poti palibe ankagulanso chodya kwa iwo. Buledi ndi shuga zomwe ndinabweretsa sanazikhudze.

"Wabwera kudzandimaliza?" anandifunsa osadzuka.

"Ayi mayi, tiyeni m'nyumba, pali choti muone."

Tinalowa, chitseko anachisiya chotsegula dala. Ndinakweza chitenje n'kuwaonetsa kachipsera konga njere ya mpunga. Ndinawauza za mtsempha wofufuma, za kawaya kali m'mutu mwanga, komanso kuti dokotala sanalumbire za imfa ya mayi, anangoti n'kutheka ndithu. Anagwira kachipserako ndi chala chakuda ndi makala. M'pamene ndinaona chingwe cha sisala chomangidwa kumwendo wa bedi, kunsonga kwake kuli kamfundo kolowa dzanja.

"Amati mfiti ina imatamba yosadzidziwa," anatero ataona pomwe ndayang'ana. "Ndiye pogona ndimadzimanga, kuti ngati ndine, ndisapwetekenso mwana wa munthu."

Ndinayenda ulendo wonse uja ndikuganiza kuti wofunika kumukhutiritsa ndi a Lukasi. Sindinkadziwa kuti mawu amene ndinakuwa pamaliro analowa mwa mayi awa n'kukhazikika zaka zinayi.

"Ndiye sindine, Esinati?" anafunsa, mawu ali pansipansi.

"Si inu, mayi. Ndikhululukireni."

Anagwada pa bedi paja n'kuyamba kumasula chingwe, koma mfundo inali italimba. Ndinagwada pambali pawo, tinaimasula tili awiri.