Kabaza wa ku Italy

Ku nyumba ina yosamalira okalamba ku Oadby, tauni ya pafupi ndi Leicester kutsidya kwa nyanja, kunali agogo ena, dzina lawo a Tarcisio. Kwawo kunali ku Italy. Ali mnyamata ankapalasa njinga m'mipikisano ikuluikulu ya kwawoko, yokwera mapiri mpaka kugunda mitambo. Kenako anakwatira mkazi wa ku Leicester, n'kukalamba akugulitsa ayisikilimu.

Kupambana? Ayi ndithu, olo kamodzi. Ntchito yawo inali ija kwawo amati gregario: kubwerera m'mbuyo kukatenga mabotolo a madzi, kuwalonga m'malaya, n'kuthamangira mtsogoleri wa timu kuti amwe. Mphepo ikamaomba, iwo patsogolo, bwana wabisala kumsana kwawo. Tayala la bwana likaphulika, ankapereka lawo n'kutsala pamsewu.

Nellie, mayi wa ku Dedza amene ankawasamalira, atamva zimenezi anaseka mpaka kugwira khoma.

"Iii agogo, ndiye munali a kabaza!"

"Kabaza n'chiyani?"

"Kwathu ndi uja amakukweza panjinga. Iwe ukafika ku ukwati suti ili mbee, iye thukuta kamukamu, ndipo pachithunzi saonekapo."

A Tarcisio anatembenukira kuzenera. Nellie anaona ngati wawalakwira.

Mu 2018 a panyumbapo anaganiza zopachika zithunzi za unyamata wa aliyense m'chipinda chochezera. Mwana wa a Tarcisio, Nicole, anabweretsa chithunzi cha bambo ake ali panjinga, pansi pake atalembapo kuti "Ngwazi ya ku Italy". Agogo atachiona anakankha mbale ya chakudya.

"Chotsa bodzali."

"Adadi, pa intaneti dzina lanu lili ndi timizere tiwiri basi," anatero Nicole. "Ndikungofuna anthu akupatseni ulemu."

"Timizere timeneto ndinatipalasa ndi miyendo yanga iyi. Iwe ukufuna alemekeze munthu amene sanakhaleko. Nanga ine andiike kuti?"

"Ndiye ndilembe chiyani? Wonyamula madzi?"

Agogo anatembenukira kwa Nellie, amene ankapukuta tebulo ngati sakumva.

"Mwanawe, mawu ako aja. Tamuuza kalembedwe kake."

Nellie anachita manyazi. "Agogo, zinali zocheza zija."

"Kwa iwe. Ine ndakhala moyo wonse ndikufotokozera azungu anzangawa ntchito yanga, onse kumangondimvera chisoni. Iwe wekha unaseka chifukwa unaidziwa."

Nicole anapumira m'mwamba, n'kufufuta, n'kulemba zilembo zikuluzikulu: KABAZA.

Kuyambira pamenepo a Tarcisio anasamutsa mpando wawo n'kuuika pansi penipeni pa chithunzicho. Mlendo aliyense amaima, n'kuwerenga molakwitsa, n'kufunsa tanthauzo. Iwo amafotokoza osathamanga, za mabotolo, za mphepo, za tayala lija.

Tsiku lina bambo wina wa tayi anafunsa kuti, "Ndiye simunapambanepo?"

Agogo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Kafunseni amene anapambanayo kuti madzi ankamwa a ndani."