Amayi Anga ndi Mnyamata wa mu Filimu

Amayi anga anagwira ntchito yochapa pachipatala chachikulu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Chipinda chawo chinali pansi penipeni, kutsika masitepe kuchokera pomwe odwala amafikira. Munalibe zenera. Munali makina anayi akuluakulu ophokosera ngati chigayo, moti anthu a mmenemo ankalankhulana mokuwa, ndipo chizolowezicho amayi ankabwera nacho kunyumba. Akati akunong'oneze chinsinsi, aneba ankamva nawo. Anamwino ankawatchula Mayi Sopo. Manja awo anali ong'aluka ngati nthaka ya chilimwe, ndipo ankanena okha kuti apolisi atafuna zidindo za zala zawo angavutike pachabe, zonse zinapita ndi madzi.

Banga lililonse ankalidziwa ndi mankhwala ake. Ukabwera ndi malaya othimbirira, ankangoyang'ana kamodzi n'kukuuza chomwe wadya ndi komwe unakhala. Mabodza athu ambiri ankathera pabeseni.

Bambo anamwalira ndili ndi zaka zinayi, tinatsala atatu: amayi, achimwene ndi ine. Achimwene anthu ankawatcha Nsungwi chifukwa cha kutalika ndi kuonda. Anali goloboyi wa timu ya kusukulu, ndipo anali munthu wosatha kukhala chete. Ankatsanzira aliyense, aphunzitsi, kondakitala wa basi, ngakhale amayi amene, kuwakuwira kukhutu ngati tonse tili pakati pa makina. Amayi ankawathamangitsa ndi thaulo lonyowa uku akuseka.

Lachitatu lina masana, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, achimwene pochokera ku mpira anapeza anyamata awiri akumenyana pafupi ndi siteji ya basi. Sankawadziwa n'komwe. Analowa pakati kuti aleretse. Mmodzi anali ndi mpeni, ndipo anawabaya kamodzi kokha pansi pa nthiti. Anthu anaimitsa galimoto ya munthu wodutsa n'kuthamangira nawo kuchipatala chomwecho chomwe amayi ankagwira. Pamene namwino wina anawazindikira n'kutsikira pansi kukaitana amayi, achimwene anali atatsirizika.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi sindinawaone akulira, ngakhale tsiku loika maliro. Patangotha sabata anavala yunifomu yawo n'kubwerera ku ntchito. Dzina la achimwene linachoka pakamwa pawo. Ndikati ndilitchule, ankandituma kukagula mchere womwe tinali nawo kale, mpaka ndinaphunzira kuleka. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wamkazi, ndipo mwanayo anakula akungodziwa kuti anali ndi amalume omwe anamwalira kalekale. Ankaganiza kuti anadwala. Sindinamukonze.

Amayi atapuma pa ntchito anabwera kudzakhala nafe. Kukhala pansi sankakutha. Ankachapa zochapa kale, ankasita ndi masokosi omwe. Mwana wanga, yemwe amayi anamutcha Mafunso chifukwa cha pakamwa pake ali wamng'ono, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa nthawi yomwe ndikufuna kunenayi.

Linali Loweruka masana, mvula ikugwa yosalekeza. Mafunso anabwera ndi anzake awiri a kusukulu, anatseka makatani pabalaza n'kuika filimu pa tivi. Inali ya mtundu uja achinyamata amaukonda: gulu la ana asukulu lapita kukasangalala kunyumba ina yakutali, ndiye kuli munthu wovala chigoba kumaso, wonyamula mpeni, akuwapha mmodzimmodzi. Ine ndinali patebulo kumbuyo kwawo ndikusenda mbatata. Amayi analowa ndi dengu la zovala zouma n'kukhala pampando wawo kuti azipinda.

Ndinati, "Amayi, filimu imeneyi si yanu. Tiyeni kukhitchini."

"Ine magazi ndawaona ochuluka kuposa nonsenu kuphatikiza pamodzi," anatero. "Ndiope a pa tivi?"

Poyamba zinali zoseketsa. Mtsikana woyamba atabayidwa, anawo anakuwa n'kugwirana, koma amayi anangoti, "Amenewo si magazi, ndi penti. Magazi akagwa pansalu sachedwa kuda. Awa ola lonse ali piriwiri ngati tomato." Atsikana anaseka mpaka kugwetsa mtsamiro. Kenako amayi anayamba kulangiza anthu a mu filimu ndi mawu awo akulu aja. "Iwe, usalowe mmenemo! Wamva phokoso, ukupitanso komweko? Ana awa alibe makolo?" Mnzake wa Mafunso anati agogo awa azibwera nawo kulikonse, filimu ikukoma kawiri.

M'gulu lija munali mnyamata wina wamtali, wowonda, wa nthabwala. Anzake akamanjenjemera iye ankatsanzira kayendedwe ka wachigoba uja kuti awaseketse. Ndinamuona, koma ndinapitiriza kusenda mbatata. Ndinaona kuti amayi asiya kulangiza. Anali atagwira malaya a mwamuna wanga pamiyendo, mkono umodzi wa malayawo wopinda, winawo ayi.

Pakati pa filimu, wachigoba anagwira mtsikana wina pakhonde. Mnyamata wamtali uja anali atathawa kale, koma anabwerera n'kulowa pakati pawo. Mtsikana anapulumuka. Mnyamata anatsala pansi atagwira pamimba, miyendo yake yaitali itapingasa pakhomo. Kamera inangomuonetsa pang'ono n'kutsatira mtsikana wothawa uja. Nyimbo inasintha, filimu inapitirira.

"Ndinadziwa!" anatero Mafunso akuwomba m'manja. "Woseketsa safika kumapeto. Ndinakuuzani!"

Anzake anaseka. Amayi anafunsa, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinawamva akulankhula motsitsa mawu: "Nanga uyu amusiya pomwepo?"

"Wafa basi, agogo."

"Palibe wobwerera kukamutenga?"

"Abwerera bwanji, wakuphayo ali pomwepo?"

"Amayi ake awauza?"

Atsikana anasekanso, kuyesa ndi nthabwala zija. Ine ndinaimirira. "Mafunso, zimitsa."

"Ayi, isiye," anatero amayi osandiyang'ana. "Ndikufuna ndione ngati amayi ake abwere."

Anaonera mpaka kumapeto, mphindi makumi anayi zathunthu, malaya aja ali pamiyendo. Anawo anazindikira kuti china chake chalakwika, kukuwa kwawo kunachepa mpaka kunatheratu. Ena atatu anaphedwa. Wachigoba anagwa, anadzukanso, anagwanso. Kunacha, apolisi anabwera, mtsikana mmodzi wotsala anamufunditsa bulangete. Mnyamata wamtali sanamutchulenso ndi kamodzi komwe. Kenako malemba oyera anayamba kukwera pa tivi.

"Yatha?" anafunsa amayi.

"Yatha, agogo."

"Malembawo akuti chiyani?"

"Ndi mayina a anthu omwe asewera. Agogo, si zenizeni. Palibe wafa. Mnyamata uja ali moyo."

"Ndikudziwa kuti si zenizeni, ndine wokalamba, sindine chitsiru."

Komabe Mafunso, pofuna kukonza zomwe sankadziwa kuti zaonongeka pati, anatenga foni yake n'kufufuza dzina la wosewera uja. Filimuyo inali yakale ndithu. Anagwada pambali pa mpando n'kuwaonetsa. "Onani, ndi uyu lero. Ndi bambo wamkulu."

Ndinasuzumira nawo. Anali mwamuna wa zaka pafupifupi makumi anayi, wonenepa pang'ono, wa ndevu zoyamba imvi, atanyamula kamwana paphewa. Amayi anatenga foniyo ndi manja awiri. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, anaiyandikitsanso. Itazima anati, "Yatsanso." Mafunso anayatsa.

"Wakula," anatero amayi. "Wanenepa. Taonani khosilo."

Ndiye anayamba kulira. Sikunali kulira kwa phokoso. Misozi inkangotsika n'kumagwera pamalaya a mwamuna wanga, iwo osapukuta. Anzake a Mafunso ananyamuka mwakachetechete, anatsanzika ndi maso okha, anatuluka mvula ikugwabe. Mafunso anandiyang'ana mwamantha. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi a amayi n'kumuuza, m'mawu ochepa, mmene amalume ake anafera. Mwanayo anagwira pakamwa.

"Agogo, pepani. Sindimadziwa. Ndinaseka."

"Usapepese," anatero amayi. "Inenso ndinaseka."

Sitinamve chomwe ankatanthauza. Kenako anatiuza chinthu chomwe anali asanauzepo munthu aliyense.

"Nsalu za pabedi za kuchipinda cha angozi zinkatsika ndi kangolo, ola lililonse. Lachitatu lija, itangokwana folo koloko, kunabwera nsalu imodzi yokha, yonyowa yonse, yolemera. Ndinaitukula n'kuwaonetsa anzanga. Ndinati, 'Kumtundaku lero apha mbuzi, ife osatiitana!' Tonse tinaseka. Ndinaiviika m'madzi ozizira, ndinaitikita ndi manja angawa, ndikuimba. Sipanathe mphindi khumi, ndinaona namwino waima pamasitepe akundikodola."

"Amayi," ndinatero, "mwina sinali yawo. Pachipatala pamabwera anthu ambiri."

"Mwina. Ndinafunsa mumtima zaka zonsezi. Pakamwa sindinafunse, ndinkaopa kuyankhidwa. Nditabwerera ku ntchito ndinaifunafuna m'mashelefu, koma nsalu zoyera zonse n'zofanana. Ndinaichapa bwino kwambiri."

Mafunso anaika mutu pamaondo a agogo ake. Amayi anamusisita tsitsi ndi zala zawo zokhakhala zija.

"N'chifukwa chake sindinasiye ntchito," anapitiriza. "Anthu ankati ndine wouma mtima. Koma kuyambira tsiku limenelo nsalu yamagazi ikabwera, ndinkailandira ndine. Sindinkalola wina aiseke. Ndinkati uyu ndi mwana wa munthu."

Ndinawafunsa chomwe sanandiuzire ine, mwana wawo. Anati ndinali wamng'ono, kenako ndinali pa mayeso, kenako ndinali ndi pakati, kenako panali patapita nthawi yaitali. Anati nkhani ina ukaisunga kwambiri imasowa khomo lotulukira.

Madzulo amenewo mwamuna wanga anabwera kuchokera ku ntchito n'kupeza mbatata zosaphika, makatani otseka, akazi atatu maso ali psuu. Anaima pakhomo n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Amayi anamuyankha kuti, "Mlamu wanu," ndipo analowa kuchipinda kwawo.

Anatuluka ndi envelopu yakale yomwe sindinkadziwa kuti ali nayo. Munali chithunzi chimodzi cha timu ya mpira ya kusukulu. Anyamata khumi ndi mmodzi anaima mwaulemu, manja kumbuyo. Wakumapeto, wamtali kuposa onse, nkhope yake sinkaoneka bwino chifukwa anagwedezeka pa nthawi yojambula. Amayi anati mwachionekere ankanena zopusa. Mafunso anachijambula ndi foni yake n'kuyesa kuchikulitsa, koma chikamakula nkhope inkangosungunuka.

Kuchokera tsiku limenelo amayi anayamba kuwatchula achimwene. Osati tsiku lililonse, ndiponso osati nkhani zazikulu. Tikudya ankangoti, "Nsungwi shuga ankabera ndi supuni yonyowa, n'kumakana shuga ali pamphuno." Kapena nsapato za mwamuna wanga zikatsala pakhomo, "Nsungwi phazi lake linali loposa apa." Mafunso ankafunsa zambiri monga mwa dzina lake, ndipo amayi ankayankha zina, zina ayi. Za mnyamata yemwe anagwira mpeni anangonena kamodzi kuti nayenso anali ndi amayi ake, anawaona kukhoti atavala nsapato zosiyana, ndipo sanathe kuwada.

Mafilimu amenewo Mafunso sanasiye kuonera, ndipo amayi sanamuletse. Ankangoonera kwa anzake.

Amayi anakhala nafe zaka zina zitatu. Anamwalira nyengo ya mvula, kunyumba, atadwala masabata awiri okha. M'masiku omaliza mutu unkasokonekera, ankanditcha dzina la mng'ono wawo, ankafunsa ngati makina azimitsidwa. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati Nsungwi wabwera ndi mwana uja. Ndinati mwana wake uti, amayi? Anati uja amamunyamula paphewa.

Ndinati ali m'njira, mvula yawachedwetsa. Anati ndiwasungire chakudya.