Njovu Zanga Zadongo

"Tengani zidole zanu zadongozo, muzikasewera ndi ana ku malaini!"

Anandikalipira choncho ndi a manejala a minda pa esiteti pathu, Loweruka lina masana, m'kalabu ya mabwana. Iwo anali mbali ina ya tebulo, rula ili m'manja, ine mbali ina. Pakati pathu panali asilikali ang'onoang'ono osafika pa chala kutalika, ambiri atagwa chagada, chifukwa ndinali nditangomenya tebulolo ndi chibakera.

Ine ndine makaniko wa ku fakitale ya tiyi. Mtima wanga ndi wapachala, aliyense pa esitetipo amadziwa. Mkazi wanga anabwerera kwawo ku Goliati kalekale, akuti anatopa ndi mawu anga. Ana ali m'tauni, amaimba foni akakumbukira. Mkati mwa sabata makina amandisokosera mokwanira, sindiona vuto. Vuto linali Loweruka. Tikaweruka masana ndinkangokhala pakhonde kuyang'ana minda ya tiyi, yobiriwira kufika kumapiri, popanda munthu woti ndimuuze ngakhale kuti kwazizira. Ku mowa ku Luchenza ndinasiya kupita, chifukwa nthawi zonse ndinkabwerako nditakangana ndi wina.

Ku kalabu ndinapita koyamba kukakonza jenereta. Nditalowa kukayesa magetsi, ndinapeza a manejala ndi aphunzitsi ena opuma pantchito a ku Luchenza ataweramira tebulo la sinuka. Analivundikira ndi thabwa lopaka penti wobiriwira, pamwamba pake atandandalika magulu ankhondo akale, a mikondo ndi zishango, ena pa akavalo. Mzungu wina amene ankayang'anira fakitale ndiye anawasiyira mabokosi a tiasilikalito pobwerera kwawo. Ndinaima pamenepo sipanala ili m'manja, kenako pakamwa pangapa panandithawa.

"Aphunzitsi, kumanzere kwanuko mwasiya poyera. Akavalo awo akudyani."

Anawadyadi. A manejala anaseka, nati Loweruka linalo ndibwere. Makaniko saloledwa kukhala membala wa kalabuyo, choncho ndinkalowa ngati mlendo wawo. Iwo akapanda kunena, ine pakhomo paja sindidutsa.

Masewerawo ndi osavuta kumva. Asilikali amamatidwa m'magulu pa timatabwa. Gulu likamayenda mumayeza ndi rula, likakhudza adani mumaponya madayisi, wochepekedwa amachotsa anthu ake. A manejala anatenga Aroma. Ine anandipatsa adani awo a ku Africa kumpoto, aja tinaphunzira ku sekondale kuti anawoloka mapiri ndi njovu. Koma m'bokosimo njovu munalibe ngakhale imodzi. Mwina mzunguyo anapita nazo, kaya.

Ndiye ndinawumba zanga. Dongo ndinakakumba kudambo kumunsi kwa tiyi, monga tinkachitira tili ana powumba ng'ombe. Ndinaziwotcha pa boyila wa ku fakitale, n'kuzipaka penti wotuwa wa makina. Pa timatabwa take ndinamata fumbi la tiyi kuti lioneke ngati dothi, mpaka aphunzitsi ankati gulu langa ndi lokhalo lonunkhira. Madzulo ndikaweruka ndinali ndi chochita tsopano, ndipo sindinkamva kuti m'nyumba mulibe munthu.

Aliyense amene anawumbapo ng'ombe amadziwa kuti ulemu wake uli pa nyanga. Ya nyanga zazifupi anzako amaiseka. Manja anga anakumbukira zimenezo. Njovu zanga ndinazipatsa zitamba zitalizitali, zolunjika kutsogolo ngati zikuthamangitsa munthu, mpaka zinkapitirira m'mphepete mwa kathabwa. Asilikali a mzungu uja onse ankathera mkati mwa timatabwa tawo, ndiye funso la poyambira kuyeza linali lisanabukepo.

Kwa miyezi yambiri a manejala ankandigonjetsa. Aroma awo ankangoima ngati khoma, ine n'kumathamangira kukadziphetsa. Tsiku la mkanganolo ndinaugwira mtima kwa nthawi yoyamba. Ndinadikira, ndinawakokera pakati, njovu ndinazibisa kuseri kwa kaphiri ka pulayiwudi. Nditazitulutsa, a manejala anasiya kumwa. Yaikulu mwa zonse ndinaisuntha malinga ndi rula, chitamba chake n'kugunda chishango cha Mroma wa kumapeto.

"Yafika," ndinatero, n'kutenga madayisi.

"Siinafike, akulu. Onani kathabwa pamene kali."

"Chitamba chakhudza, bwana."

"Timayeza kathabwa, osati mphuno. Mukawumba ina ya chitamba chofika ku Mphuka, muzitimenya muli kunyumba kwanu?"

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko ndiko kunandiyatsa moto.

"Njovu imapha ndi chiyani, bwana? Ndi thabwa? Mroma wanuyo akuyang'anizana ndi chitamba pamphuno, mukuti adikire thabwa?"

"Malamulo ndi malamulo."

"Malamulowo mwawakumbukira lero poona kuti mukugonja!"

Aphunzitsi anayesa kulowererapo. Anati tiponye dayisi limodzi, likagwa lalikulu yafika, laling'ono siinafike. Ine ndinakana. Chinthu chooneka ndi maso ndichiponyerenji dayisi? A manejala anatambasula dzanja, nagwira njovu yanga pamsana, naibweza m'mbuyo okha. Patebulo paja munthu sagwira asilikali a mnzake, ndi iwo omwe anandiphunzitsa zimenezo tsiku loyamba. Ndinatukwana m'Chilomwe, mawu amene amalume ankatukwanira mbuzi, chibakera n'kutsika. Thabwa linadumpha. Aroma anamwazika, ena anagwera pasimenti, ndinamva timikondo tikuthyoka.

Apo ndi pamene ananena za zidole ndi ana a ku malaini.

Ku malaini, nyumba za othyola tiyi zija, ndiko ndinabadwira, ndipo iwo ankadziwa. Miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti Loweruka patebulo paja palibe bwana, pali akazembe awiri basi. Ndinalongedza anthu anga m'katoni, njovu ndinazikulunga m'masokosi akale monga mwa nthawi zonse, n'kutuluka.

Aphunzitsi anandipeza pakhonde, akudikira wa kabaza.

"Achimwene, mikondo ija ku Luchenza sagulitsa."

"Nanga chitamba sichinakhudze?"

"Chinakhudza. Ndiye Loweruka mukachikhudzitsa ndani?"

Ndinayenda wapansi kudutsa m'minda, katoni ili m'khwapa. Chiperoni chinali chitayamba, mvula yowaza ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Othyola tiyi anali ataweruka, m'njira munalibe munthu. Ndinkayankhula ndekha njira yonse, kuwayankha a manejala mawu onse amene sindinawayankhe, ndipo ndinkapambana paliponse. Nditafika kunyumba ndinaika katoni patebulo, n'kukhala pampando. Kunali kusanade. Ndinatulutsa magulu anga n'kuwandandalika, koma kutsogolo kwawo kunali mbale ya shuga basi. Mbali imodzi yokha siimenya nkhondo. Ndinayatsa wailesi, ndinazimitsa. Ndinaganiza zoimbira mwana wanga wamkulu, koma ndikanamuuza chiyani? Kuti bambo ako awathamangitsa ku kalabu chifukwa cha mphuno ya njovu yadongo?

Mawu a ku malaini aja ankandiwawa, ndipo mpaka lero sindinawakhululukire. Koma chimene chinkandiopsa chinali china. Ndinkaona Loweruka likubweralo, ndi linalo, ndi linalo, ine ndili pakhonde kuyang'ana tiyi.

M'mawa mwake linali Lamlungu. Ndinadutsa ku wekishopu, ndinadula waya wopyapyala wa mkuwa, nsonga zake n'kuzisula ndi hamala kuti zikhale ngati mitu ya mikondo. Ndinatenga guluu, kapulayala ndi kafayilo, n'kukwera mtunda wopita ku nyumba za mabwana. A manejala ndinawapeza panja atavala masilipasi, akutsuka galimoto.

"Mwabwera kudzapepesa?"

"Ndabwera ndi waya. Ndipatseni Aroma othyoka aja."

Anaponya paipi pansi, madzi akungotayika. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi bokosi. Sanandilowetse pabalaza. Analiika pamasitepe a kukhitchini, kuseri, kumene amalandirira ogulitsa masamba.

"Nanga Loweruka, bwana?"

"Tione kaye ntchitoyo."

Anabwerera ku galimoto yawo. Ndinamva mtima ukukwera, dzanja n'kuyamba kufumbata lokha. Ndinalifumbatula. Ndinakhala pansi pasitepe yozizira, ndinatsegula bokosi, n'kutenga Mroma woyamba. Mkondo wake unali utathyokera m'kadzanja kake momwe, ndiye ndinayamba kukolokosola chotsalacho pang'onopang'ono ndi nsonga ya waya.